Intaneti M'mawaya a Magetsi: Funso la Mwana ndi Yankho la Mphunzitsi

Mawu Oyamba

Mmodzi mwa ophunzira athu, atabwerako kokayeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ya kumudzi, adatifotokozera za funso limene lidamusoŵetsa pogwira. Pa sukulupo magetsi adali atangofika kumene. Tsiku lina, ali mkati mophunzitsa za kayendedwe ka magetsi m'Sitandade 8, mtsikana wina adakweza dzanja nati: "Aphunzitsi, popeza mawaya a magetsi afika kale m'kalasi muno, n'chifukwa chiyani intaneti singadzere m'mawaya omweŵa?" Mnzathuyo adayankha kuti zimenezo n'zosatheka, chifukwa magetsi ndi chinthu china, intaneti ndi chinanso. Mwanayo adakhala pansi, ndipo phunziro lidapitirira.

Yankho limeneli silidali loona. Funso la mtsikanayu akatswiri a m'maiko ambiri adadzifunsa kwa zaka zochuluka, ndipo makampani akuluakulu adatayirapo chuma chawo. Kutumiza intaneti m'mawaya a magetsi n'kotheka, kudachitikapo, komabe sikudafalikire monga momwe anthu ankayembekezera. Chofunika kwa ife aphunzitsi n'chakuti chifukwa chimene zimathekera ndi chifukwa chimene zidakanikira, zonse ziŵiri zikuchokera mu phunziro limodzi lomwelo la mafunde. M'nkhani ino tifotokoza mbali ziŵirizi, kenaka tionetsa momwe tingaziphunzitsire ndi zipangizo zimene zimapezeka pa sukulu iliyonse.

Waya Umodzi, Akatundu Aŵiri

Magetsi amene timalandira m'nyumba zathu sayenda molunjika mbali imodzi monga madzi a mumtsinje. Amapita ndi kubwerera, kupita ndi kubwerera, ka 50 pa sekondi iliyonse, ndipo mphamvu yake ndi mavoliti 230. Kupita ndi kubwerera kamodzi pa sekondi kumatchedwa hertz imodzi, potsata dzina la Heinrich Hertz wa ku Germany, amene adatsimikiza za kukhalapo kwa mafunde a wailesi m'zaka za 1887 ndi 1888. Motero timati magetsi athu ndi a mahertz 50.

Uthenga wa intaneti ukamayenda m'waya wachitsulo, nawonso ndi magetsi ndithu, koma ofooka kwambiri ndiponso oŵirikiza mofulumira zedi. Zipangizo zambiri zotumizira intaneti m'mawaya a magetsi zidapangidwa kuti zizigwiritsa ntchito mafunde oŵirikiza ka 2 miliyoni kufikira ka 30 miliyoni pa sekondi, ndiye kuti megahertz 2 mpaka 30. Kusiyana kwakukulu kumeneku ndiko kumalola kuti akatundu aŵiriŵa ayendere limodzi popanda kusakanikirana.

Ana angamve bwino mfundoyi tikaŵakumbutsa za bwalo la gule. Ng'oma yaikulu imagunda ndi mawu okhuthala, pamene wezulo wa mtsogoleri amalira ndi mawu aang'ono akuthwa. Zonsezi zimadzera mumpweya umodzi ndi kufika m'khutu limodzi, komabe wovina sasokonezeka: amadziŵa ya ng'oma, amadziŵanso ya wezulo. Waya wa magetsi uli ngati mpweyawo. Magetsi oyatsira nyale ndiwo ng'oma, uthenga ndiwo wezulo.

Ntchito ya khutu, yolekanitsa ziŵirizi, imagwiridwa ndi tizipangizo tiŵiri. Kapasita amalola mafunde oŵirikiza msanga kudutsa, koma amatsekereza oŵirikiza pang'onopang'ono, monga momwe sefa imalolera ufa kugwa pansi misere n'kutsala pamwamba. Koyilo, ndiye kuti waya wokulungidwa mizere yambiri, amachita zosiyana: amalola magetsi a mahertz 50 kudutsa, natsekereza mafunde ofulumira. Tisunge bwino mfundo ya koyiloyi chifukwa tikumana nayonso kutsogoloku.

Tsono dongosolo lonse limakhala motere. Kampani imabweretsa intaneti pa nthambo ya faiba kufikira pafupi ndi thiransifoma ya m'dera. Pamenepo pamakhala chipangizo chimene chimasandutsa uthenga kukhala mafunde ofulumira ndi kuŵaloŵetsa m'mawaya a magetsi. Mafundewo amayenda pa mitengo ya magetsi mpaka m'nyumba. M'nyumbamo kabokosi kakang'ono kolumikizidwa pa soketi kamatola mafundewo, nkuŵasandutsanso uthenga umene kompyuta ingathe kuŵerenga. Yankho lochokera ku kompyuta limabwerera njira yomweyo.

Mbiri Yake Mwachidule

Nzeru imeneyi si yatsopano. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, makampani a magetsi ku Ulaya ndi ku America ankatumiza mawu a lamya m'mawaya awo akuluakulu, kuti ogwira ntchito pa malo opangira magetsi azilankhulana ndi anzawo akutali. M'chaka cha 1975 kampani ya Pico Electronics ya ku Scotland idapanga njira yotchedwa X10, yoyatsira ndi kuzimitsira nyale za m'nyumba potumiza tizizindikiro m'mawaya a nyumbayo. Zonsezi zinkanyamula uthenga wochepa.

Intaneti itayamba kufalikira, anthu adaganiza kuti popeza mawaya a magetsi adafika kale pafupifupi m'nyumba iliyonse m'maiko olemera, padalibe chifukwa chokumbira ngalande zatsopano. M'chaka cha 1997 kampani ya Nortel ndi ya magetsi ya Norweb ku England zidalengeza kuti zapeza njira. Kwa ife aphunzitsi n'kosangalatsa kudziŵa kuti amodzi mwa malo oyamba kuyeserapo adali sukulu ya pulayimale ya Seymour Park, kufupi ndi mzinda wa Manchester, kumene makompyuta 12 adalumikizidwa ku intaneti kudzera m'waya wa magetsi. Koma pofika chaka cha 1999 ntchitoyo idatsekedwa. Limodzi mwa mavuto amene adaoneka lidali lakuti mitengo yachitsulo ya nyale za mumsewu inkamwaza mafundewo mumlengalenga ngati milongoti ya wailesi.

Ku Germany kampani ya magetsi ya RWE idayamba kugulitsa intaneti yotere m'chaka cha 2001, nkuileka mu 2002. Ku Tasmania, m'dziko la Australia, kampani ya Aurora Energy idayesa kuyambira 2005 mpaka 2007. Ku United States bungwe loyang'anira za mauthenga la Federal Communications Commission lidakhazikitsa malamulo ake m'chaka cha 2004, ndipo mzinda wa Manassas, m'chigawo cha Virginia, udatchuka mu 2005 pokhala woyamba kufikitsa intaneti yotere mumzinda wonse. Bungwe la anthu okonda kulankhulana pa wailesi, American Radio Relay League, lidadandaula kuti mafundewo ankasokoneza mawailesi awo, ndipo mu 2008 khoti lidalamula kuti mbali ina ya malamulo aja iunikidwenso. Ntchito ya ku Manassas idatsekedwa m'chaka cha 2010. Maiko anayi, makampani osiyanasiyana, koma mathero ake ofanana. Tiyenera kufunsa kuti chidavuta n'chiyani.

Zimene Zidalepheretsa

Vuto loyamba ndi lakuti waya wa magetsi umasanduka mlongoti. Pano pali masamu amene ana a makalasi apamwamba angaŵerengere okha. Mafunde a magetsi amayenda pa liŵiro la pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi. Kuti tipeze utali wa funde limodzi, timagaŵa liŵirolo ndi kuŵirikiza kwake. Tikagaŵa 300,000 ndi 50 tipeza makilomita 6,000, utali woposa wa dziko lathu lino kasanu ndi kamodzi. Koma funde la megahertz 10 ndi lotalika mamita 30 okha. Waya umamwaza mafunde mumlengalenga kwambiri pamene utali wake ukuyandikana ndi utali wa fundelo. Kwa funde la makilomita 6,000, waya wa m'mudzi mwathu ndi kanthu kakang'ono zedi, motero magetsi amakhala phee m'wayamo. Kwa funde la mamita 30, waya wochoka pa mtengo kufika pa nyumba ndi mlongoti weniweni.

Mawaya opangidwira uthenga amatetezedwa ku vuto limeneli. Nthambo yolumikizira makompyuta ili ndi mawaya opotedwa aŵiriaŵiri, kotero kuti zimene waya wina wamwaza, mnzake amazifafaniza. Nthambo ya mlongoti wa wailesi yakanema idakutidwa ndi ukonde wachitsulo. Mawaya a pa mitengo ya magetsi sadapotedwe, sadakutidwe ndi ukonde, ndipo amakhala motalikirana. Tsoka ilo, mafunde a megahertz 3 mpaka 30 ndi omwe aja a shortwave, amene amagwiritsidwa ntchito ndi nyumba zoulutsira mawu kumaiko akutali, ndege zouluka pamwamba pa nyanja zikuluzikulu, sitima zapamadzi ndi anthu othandiza pa nthaŵi ya ngozi. Kampani ikawonjeza mphamvu kuti uthenga ufike patali, inkasokoneza onseŵa. Ikachepetsa mphamvu, uthenga unkafera panjira.

Vuto lachiŵiri ndi thiransifoma. Magetsi amachoka kumene amapangidwa ali ndi mphamvu yaikulu, natsitsidwa pang'onopang'ono. Kwathu kuno mizere ya m'madera imakhala ya mavoliti 33,000 kapena 11,000, ndipo thiransifoma ya pa mtengo ndiyo imatsitsa mphamvuyo kuti iyenere m'nyumba. M'kati mwa thiransifoma muli makoyilo, ndipo taona kale kuti koyilo amatsekereza mafunde ofulumira. Motero pa thiransifoma iliyonse pamafunika chipangizo cholambalalitsa uthenga. Ku Ulaya thiransifoma imodzi kaŵirikaŵiri imadyetsa nyumba zambiri, mwina zoposa 100, choncho mtengo wa chipangizocho umagaŵidwa. Ku America thiransifoma imodzi imadyetsa nyumba zoŵerengeka chabe, ndipo zipangizo zinkafunika zambirimbiri. Kuwonjezera apo, mafunde ofulumira amafooka msanga, kotero pa mtunda wautali pamafunika zipangizo zoŵapatsanso mphamvu pafupipafupi. Kumidzi, kumene anthu ankayembekeza kuti njirayi ithandiza kwambiri, n'kumene idadula kwambiri, popeza nyumba n'zotalikirana.

Vuto lachitatu ndi phokoso. Chigayo chikayaka, makina owotcherera zitsulo akathetheka, firiji ikayamba kulira, ngakhale chaja ya foni ikalumikizidwa, zonsezi zimaponya timafunde tosokoneza m'mawaya. Akatswiri adalimbana ndi vutoli pogaŵa uthenga m'tinjira tambirimbiri, kuti kanjira kena kakatsekeka tina tizipitirira, ndipo adapambana ndithu mbali ina. Koma nyumba zonse za pa mzere umodzi zimagaŵana waya womwewo, motero ogwiritsa ntchito akachuluka aliyense amalandira zochepa.

Pamene makampani a magetsi ankalimbana ndi zonsezi, njira zina zidaŵapitirira. Intaneti ya m'mawaya a lamya idatsika mtengo, faiba idafalikira, ndipo mafoni a m'manja adayamba kunyamula intaneti popanda waya uliwonse.

Kumene Nzeruyi Idapulumukira

Tingalakwe kuuza ana kuti zonse zidathera pomwepo. Nzeruyi idakanika pa mtunda wautali ndi uthenga wochuluka, koma imagwira ntchito pamene mtunda uli waufupi kapena uthenga uli wochepa.

Pa mtunda waufupi pali timabokosi ta m'nyumba. Kamodzi kamalumikizidwa pa soketi pafupi ndi pamene intaneti yaloŵera, kena m'chipinda china, ndipo uthenga umayenda m'mawaya a m'khoma. Bungwe la HomePlug lidatulutsa muyeso woyamba wa timabokosi totere m'chaka cha 2001, wonyamula mamegabiti 14 pa sekondi, ndi wina mu 2005 wofika mamegabiti 200. Muyeso wa IEEE 1901 udavomerezedwa mu 2010.

Pa uthenga wochepa pali mamita oyezera magetsi. Kampani ya Enel ku Italy, kuyambira 2001, idaika mamita pafupifupi 30 miliyoni amene amatumiza okha chiŵerengero chawo m'mawaya a magetsi. Ku France mamita otchedwa Linky, amene adayamba kuikidwa mu 2015, amachita chimodzimodzi. Mamita ena olipiriratu ali m'zigawo ziŵiri: mita yeniyeni ili panja kapena pa mtengo, kabokosi kolembera manambala kali m'nyumba, ndipo pa mitundu ina ziŵirizi zimalankhulana kudzera m'waya wa magetsi. Mitayi imangofuna kutumiza manambala ochepa, motero imagwiritsa ntchito mafunde osaŵirikiza kwambiri, amene amapita patali ndipo samwazika msanga.

Pali njira inanso imene tiyenera kuisiyanitsa bwino. M'malo moloŵetsa uthenga m'waya wachitsulo, makampani amapachika faiba pa mitengo ndi nsanja za magetsi, nthaŵi zina mkati mwa waya wapamwamba uja woteteza ku mphenzi. Faiba ndi ulusi wagalasi umene umanyamula uthenga ndi kuŵala, choncho magetsi saisokoneza ndipo iyo sisokoneza wailesi. Njira iyi ndiyo yatifika kwathu kuno: ESCOM ili ndi faiba pa mizere yake, ndipo ntchito ya boma yoyala faiba m'dziko lonse, imene gawo lake loyamba lidatha mu 2018, idadzera pa mitengo ya magetsi. Motero mtsikana uja sadaphonye kwenikweni. Intaneti imatsata njira ya magetsi ndithu, koma pa nthambo yakeyake.

Kaphunzitsidwe

Phunziroli lingatenge nthaŵi ziŵiri za mphindi 35 kapena 40. Zipangizo zofunika ndi izi: chingwe chotalika mamita asanu kapena asanu ndi imodzi, ng'oma, wezulo, sefa, ufa wosasefa, wailesi ya mabatire yokhala ndi medium wave kapena shortwave, ndiponso chaja ya foni ngati m'kalasi muli soketi.

Poyamba mphunzitsi alembe funso la mtsikana uja pa bolodi, osapereka yankho. Ana anene maganizo awo, ndipo onse alembedwe, olondola ndi olakwika omwe. Kenaka mwana mmodzi aimbe ng'oma, wina aimbe wezulo pa nthaŵi imodzimodzi, ena onse atatsinzina. Theka la kalasi liŵerenge kugunda kwa ng'oma, theka lina liŵerenge kulira kwa wezulo. Ana adzaona okha kuti mawu aŵiri adzera njira imodzi koma alekanitsidwa.

Chachiŵiri, ana aŵiri agwire chingwe mbali ndi mbali. Woyamba achigwedeze pang'onopang'ono kuti chipange funde lalikulu. Chikugwedezeka choncho, wachiŵiri azinjenjemeretsa dzanja lake mofulumira. Pa funde lalikulu lija padzaoneka timafunde ting'onoting'ono titakwera pamsana pake. Mwana wina ajambule zimene waona pa bolodi, ndipo anzake atchule funde limene likuimira magetsi ndi timene tikuimira uthenga. Sefa ndi ufa zibwere pambuyo pake, pofotokoza ntchito ya kapasita.

Pa nthaŵi yachiŵiri tiyambe ndi masamu a utali wa funde. Ana agaŵe okha 300,000 ndi 50, ndipo mphunzitsi aŵathandize kupeza mamita 30 a funde la megahertz 10. Apite panja akayeze mamita 30 ndi mapazi, ayerekeze ndi maso utali umenewo ndi wa waya wobwera ku sukulu. Pobwerera m'kalasi, mphunzitsi atsegule wailesi pamalo pamene palibe siteshoni, alumikize chaja pa soketi ndi foni, nayandikitse wailesiyo ku chaja ndi nthambo yake. Kaŵirikaŵiri pamamveka kulira kwa phokoso, kumene kumachepa wailesi ikatalikira ndi kutheratu soketi ikazimitsidwa. Machaja amasiyana, choncho n'kofunika kuyesa dzulo lake. Apa tifunse: palibe waya pakati pa chaja ndi wailesi, nanga phokosoli ladzera kuti? Mwana amene wayankha funso ili wamvetsa chimene chidavutitsa akatswiri a ku Manchester ndi ku Manassas.

Pomaliza tibwerere ku maganizo aja adalembedwa pa bolodi tsiku loyamba, ana aŵeruze okha amene atsimikizika ndi amene agwa. Ntchito yokalembera kunyumba ingakhale iyi: fotokozani chifukwa chake njirayi imayenda bwino m'nyumba imodzi koma imavuta pakati pa midzi iŵiri.

Chenjezo

Phunziro ili lili ndi ngozi imodzi imene tisaiiŵale. Mwana wachidwi akamva kuti m'mawaya a magetsi mungathe kuyenda intaneti, angathe kukayesa kunyumba kulumikiza waya wa foni kapena wa wailesi pa soketi. Mavoliti 230 amapha. Tinene momveka, koyambirira ndi kothera kwa phunziro, kuti uthenga umatoledwa ndi zipangizo zopangidwira ntchitoyo zokha, ndi kuti palibe wololedwa kuloŵetsa kanthu mu soketi, kukwera mtengo wa magetsi, kuyandikira thiransifoma kapena kukhudza waya wogwa pansi. M'kalasi, wolumikiza chaja akhale mphunzitsi yekha. Poyeza mamita 30 panja, ana ayeze kutali ndi mzere wa magetsi.

Chenjezo lina likupita kwa aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu, amene nthaŵi zina amafunsidwa kugula zipangizo ndi ndalama za makolo. Timabokosi ta pa soketi sitibweretsa intaneti pamene palibe. Timangoinyamula kuchoka chipinda china kupita china. Timafuna kuti zipindazo zikhale pa mawaya olumikizana, timafooka tikalumikizidwa pa ekisitenshoni yoteteza zipangizo ku mphamvu yodzidzimutsa, ndipo magetsi akazima natonso timaleka. Sukulu imene ikufuna kugula ipemphe wogulitsa ayambe wayesa m'zipinda zenizenizo ndalama isanatuluke.

Mawu Otsiriza

Wophunzira wathu uja tidamulangiza kuti alembere kalata kalasi lija, avomere kuti yankho lake lidali lopereŵera, ndi kufotokoza zimene waphunzira. Poyamba adachita manyazi, poganiza kuti ana angamupeputse. Ife tidamuuza kuti chimene chingapweteke kwambiri ndi chakuti mtsikanayo akhulupirire kuti funso lake lidali lopusa, asadzakwezenso dzanja. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma mwambiwu umagwira ntchito pokhapokha wofunsayo akayankhidwa zoona. Kalatayo idalembedwa, ndipo idapita pamodzi ndi dongosolo la phunziro limene talongosola pamwambapa, kuti mphunzitsi wa kalasilo akaliyese. Tipempha aphunzitsi ena amene adzaliyese m'sukulu zawo kuti atilembere, makamaka za mafunso amene ana adzafunse wailesi ikayamba kulira.